Musapale zidindo za pa mfuti zakale

Sabata yatha mnzanga wina anandionetsa mfuti ya Martini-Enfield imene anaipala ndi sandipepa mpaka kumawala ngati supuni yatsopano. Iye ankanyadira, koma ine mtima unandiwawa, chifukwa pochotsa dzimbiri anafufutanso zidindo.

Abale anga, mfuti imeneyi inabadwa kawiri, ndipo zidindo ndizo zimanena zimenezi. Poyamba inali Martini-Henry, imene asilikali a Britain anayamba nayo mu 1871, ya chipolopolo chachikulu cha .577/450 choyendera onga wakuda. Kuyambira 1895 anayamba kuziika mpope watsopano wa .303. Mukaigwira, yang'anani chitsulo chapakati. Kumanja kuli chisoti chachifumu, zilembo V.R. za Mfumukazi Victoria ndi chaka chimene inapangidwa. Tembenuzani kumanzere, mupeza chaka china ndi zilembo M.E. .303, kusonyeza nthawi imene anaisintha. Zaka ziwiri pa mfuti imodzi! Mfuti zosinthidwazi zinkatumizidwa kwambiri kwa asilikali a m'maiko olamulidwa ndi atsamunda, n'chifukwa chake ndikaziona ndimakumbukira azigogo athu a KAR (King's African Rifles), gulu la asilikali limene linakhazikitsidwa mu 1902, amene chipilala chawo chili ku Zomba.

Mfuti ya Snider nayonso inabadwa kawiri: inali gogodela ya Pattern 1853, ndiye mu 1866 anayamba kuidula kumbuyo kuti chipolopolo chizilowera konko.

Tizidindo ting'onoting'ono ndito ndimatikonda koposa. Kamuvi kamodzi ndiye kuti ndi katundu wa boma. Mivi iwiri yogundana nsonga ndiye kuti boma linaigulitsa. Zilembo DP zimatanthauza kuti inatsala yophunzitsira perete basi, ndipo woiika chipolopolo akuseweretsa moyo wake. Tangoganizani munthu wapala DP ija, wina n'kugula osadziwa.

Zidindo zomwezi zimathandizanso kugwira abodza. Amisiri a ku Khyber Pass, m'malire a Pakistan ndi Afghanistan, akhala akusula mfuti zofanizira Martini, koma zina mumapeza V.R. ili limodzi ndi chaka cha pambuyo pa 1901, pamene Victoria anali atamwalira kale, kapena N ya mu dzina lakuti ENFIELD italembedwa chotembenuka.

Amene muli nayo mwachilolezo, chonde ipukuteni ndi kansalu ndi mafuta pang'ono. Ya mnzanga uja, kumanja kwangotsala kachidutswa ka chisoti, chaka sichikuwerengekanso.