Zipolopolo za .257 Roberts zinapita kuti?

Abale inu, kukhala ndi mfuti yosakira nyama yolowa zipolopolo za mtundu wa .257 Roberts kuno ku America ndi kudziputira mavuto. Mfutiyo payokha ilibe mlandu: siipweteka phewa, ndipo gwape imagwetsa bwinobwino. Koma talowani m'sitolo nyengo yosaka ikayandikira. Mashelefu adzaza tho ndi zipolopolo za 6.5 Creedmoor yadzulodzuloyi, pomwe Roberts, imene kampani ya mfuti ya Remington inaitulutsa mu 1934, ngakhale kabokosi kamodzi mulibe. Ukafunsa, kamnyamata kogulitsa kamakuyang'ana ngati wazungulira mutu. "Bwana, osangogula Creedmoor bwanji?" Ndakufunsa zimenezo ine?

Basi, timadzipangira tokha kunyumba. Makoko ake, timachubu tothiramo onga, nawonso ngosowa, ndiye umatenga a zipolopolo za 7x57 Mauser, poti Roberts anachokera kumeneko, n'kuwapana khosi mpaka ligwire chipolopolo cha .257. Kenako kudula, kupala m'kamwa mwake, kuyeza onga pa kasikelo kamene kamagwedezeka ukangopumira pafupi. Mafuta opaka khoko polipana akachuluka paphewa pake, limatuluka ndi timaenje. Akachepa, limakanirira mu die, chipangizo chopanira makoko, Loweruka lonse n'kuthera pa kulizula.

Za ma primer, timabatani toyatsira onga m'chipolopolo, ndiye ndisayambe n'komwe. Ukawapeza lero, mtengo wake umakubweza pakhomo pomwepo.