Team Dresch sanali a phokoso chabe

Dzulo ndinamuyikira mlamu wanga nyimbo za Team Dresch, gulu la azimayi a ku America loyimba punk, m'galimoto. Sizinathe ndi mphindi ziwiri zomwe, iye amvekere, "Alamu, chiphokoso chanji chimenechi? Ngati mphepo ikusasula malata." Ndinaseka, chifukwa sananame kwenikweni. Punk ndi yotero: gitala yolira mwaukali, ng'oma zaliwiro ngati woyimbayo akuthawa galu, nyimbo n'kutha iwe usanakhazikike. Koma zoti azimayi amenewa anali a phokoso basi, pamenepo ndiye ndikukana.

Gululi linayamba mu 1993 kumpoto chakumadzulo kwa America, uko kuli mizinda ya Olympia ndi Portland. Analimo anayi: Donna Dresch, Jody Bleyle, Kaia Wilson ndi Marci Martinez pa ng'oma. Anali akazi okonda akazi anzawo, ndipo sankabisa. Ife m'Chichewa ukati "ndimamukonda", palibe angadziwe ngati ukunena mwamuna kapena mkazi. Chingerezi sichikubisa choncho, chimakukakamiza kusankha mawu. Oyimba ambiri a nthawi imeneyo ankazembera pakati kuti zimbale zigulidwe. Awa ayi, ankayimbira mtsikana poyera.

Tsono muone kumene ankachitira zimenezi. Mu 1992, chaka chimodzi chokha gululi lisanayambe, anthu a m'boma la Oregon, kumene kuli Portland, anaponya voti pa lamulo lotchedwa Measure 9, lofuna kuti malamulo akulu a bomalo anene kuti kukondana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha n'kolakwika ndiponso n'kosemphana ndi chilengedwe. Linagwa, koma anthu oposa 40 pa 100 alionse analivomereza. Chaka chomwecho ku Salem, likulu la Oregon, anthu awiri, mkazi wokonda akazi anzake ndi mwamuna wokonda amuna anzake, anafa ataponyeredwa bomba la petulo m'nyumba. Team Dresch nawonso sizinawaphonye. Atangoyamba kumene kuyimba, ena mwa iwo anamenyedwa panja shoo itatha.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zimandigwira mtima. Sanangopeka nyimbo yolira n'kukhala pansi. Mu 1995 Jody, kudzera ku kampani yake yaing'ono ya zimbale yotchedwa Candy Ass, anatulutsa Free to Fight, chimbale chokhala ndi kabuku kophunzitsa akazi kudziteteza. Paulendo wokayimba ankatenga mphunzitsi wa zodziteteza, Alice Stagg. Tangoganizani: mwalipira pakhomo kuti mudzavine, kenako magitala azimitsidwa, mayi wina akukuonetsani pomenya munthu akakugwira pakhosi, ndi mmene mungakuwire kuti "ayi" mpaka a kutsidya amve. Mukatero ng'oma n'kuyambanso. Ndiuzeni woyimba wina amene amadera nkhawa za mmene omutsatira akafikire kunyumba usiku umenewo.

Komanso sanadikire kuti makampani akuluakulu awatsegulire chitseko. Donna anali atayimbako besi ndi magulu odziwika ngati Dinosaur Jr. ndi Screaming Trees, ndiye njira yopita kwa mabwana ankaidziwa. Koma iye anali ndi kamagazini kake, Chainsaw, kaja kolemba pamanja ndi pa taipi, kuchulukitsa pa fotokope, kumanga ndi sitepula n'kutumiza pa positi. Kamagazini kameneka ndi kamene kanadzakhala kampani ya zimbale. Personal Best, chimbale chawo choyamba cha mu 1995, chinatuluka ku Chainsaw ndi Candy Ass, nyimbo 10 zosakwana ndi theka la ola lomwe. Ndipo Chainsaw yomweyo ndi imene inatulutsa zimbale ziwiri zoyamba za Sleater-Kinney, gulu limene linadzatchuka kuposa iwo. Wolima mnzake, wokolola wina, koma sindinamvepo Donna akudandaula.

Sindikuti anali angelo, kapena kuti ndiwo anayambitsa zonse. Mtundu umenewu wa punk, wa akazi okonda akazi anzawo ndi amuna okonda amuna anzawo, umene amautcha queercore, mizu yake ili ku Toronto, ku Canada, cha m'ma 1985, ndipo ku San Francisco kunali kale gulu la Tribe 8, amene pa chisokonezo ankaposa awa kutalitali. Chimene chimandiwawa ine n'choti Team Dresch anatha msanga. Chimbale chawo chachiwiri, Captain My Captain, chitatuluka mu 1996, Kaia anachoka, ndipo iye ndi Melissa York, amene anali atalowa m'malo mwa Marci pa ng'oma, anakayambitsa gulu la The Butchies ku Durham, m'boma la North Carolina. Zimbale ziwiri zokha! Anadzakumananso mu 2004 ku Olympia, ndipo mu 2019 zimbale zija zinasindikizidwanso, koma chachitatu chimene ndinkachilakalaka sichinabwere nthawi imeneyo.

Mlamu wanga ndinamufotokozera zonsezi tili pa mzere wa mafuta. Anamvetsera bwinobwino, n'kugwedeza mutu, kenako akuti, "Za kudzitetezazo ndazimva, alamu. Koma tsitsaniko voliyumu."