Musanagule fulemu ya sand rail, tengani tepi ndi hamala

Chiikireni chithunzi cha chigoba cha mapaipi chili kuseri kwa nyumba yathu ku Mufakose, mafunso akungobwera amodzimodzi. "Achimwene, muikamo injini yanji?" "Izithamanga bwanji?" Palibe ndi mmodzi yemwe amene wandifunsa ngati chigobacho n'chowongoka, kapena ngati chiziima ndikaponda buleki. Zimenezi zikundidetsa nkhawa, chifukwa ena mwa inu mwayamba kale kusakasaka fulemu zanu.

Kwa amene simuidziwa, sand rail ndi galimoto yopanda bodi. Mapaipi okhaokha owotchereredwa, mipando iwiri, injini kumbuyo, basi. Kwawo ndi kumapiri a mchenga ku America, malo ngati Glamis ku California, ndipo zambiri zakale zimayendera ziwalo za Volkswagen Beetle: injini yozizira ndi mphepo, giyabokosi, ndi bimu yakutsogolo, chitsulo chopingasa chogwira magudumu akutsogolo. Ziwalo zimenezi kuno zimapezeka ukamasaka modekha, poti ma Beetle ankapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo ambiri anawoloka Limpopo. Koma Harare ilibe mapiri a mchenga. Ili ndi phula, maenje, makombi ndi ana asukulu odutsa msewu akuthamanga. Amene anapanga fulemuyo ankaganiza za mchenga wofewa, pomwe iwe ukufuna kukapanikizana nayo ndi malole pamsewu wa Simon Mazorodze.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ndalama yoyamba isapite ku injini. Galimoto imeneyi ilibe chitseko, ilibe denga lachitsulo, ilibe mphuno yoti ifwafwanike m'malo mwako. Mapaipiwo ndiwo nthiti zako.

Fulemu yoyamba imene ndinakaona ndinaikonda ndisanatsike n'komwe m'galimoto. Inali pansi pa mtengo wa mapeyala cha ku Ruwa, yofiira psuu, penti ikunyezimira, mtengo wake wosaposa wa njinga yamoto yakale. Mwamwayi ndinapita ndi amalume anga, amene akhala akuwotcherera zitsulo ku Mbare kuyambira ine ndisanabadwe. Iwo anangotenga tepi, chingwe, kahamala ndi burashi ya waya. Pentiyo sanaiyang'ane n'komwe.

Anandigwiritsa tepi pakona yakutsogolo kumanzere, iwo n'kukokera kukona yakumbuyo kumanja. Kenako tinasinthanitsa makona. Miyezo iwiriyi imayenera kufanana, koma inasiyana ndi zala ziwiri. Tinayezanso kuchoka pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, nkhani yake yomweyo. Amalume anangoti, "Mphwanga, iyi inagubuduzikapo." Pamchenga fulemu yokhota imayenda ndithu, mchenga umabisa zambiri. Paphula imakokera mbali imodzi, imadya matayala, ndipo tsiku lomwe udzaponde buleki mwadzidzidzi idzakutembenuzira komwe sukufuna.

Kenako anagwada n'kuyamba kugogoda mapaipi apansi, limodzilimodzi. Ena ankalira ngwee, ngwee. Atafika pansi pa mpando wa dalaivala kunamveka phu, ngati akugogoda chikuni chofumbwa. Anapempha mwiniwake kuti aboole kabowo kakang'ono kunsi kwake. Munatuluka madzi ofiirira ndi timakoko ta dzimbiri, kudontha mpaka kunyowetsa dothi. Mvula ya zaka zingapo inalowera m'mabowo a mabawuti n'kukhazikika momwemo, kumadya chitsulo kuchokera m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa zowotcherera ndi pomwe amalume anakhalitsa, ndipo inenso ndikufuna mumvetse bwino. Anapala penti ndi burashi pamfundo zingapo. Powotcherera pabwino pamakhala posalala, mizere yake itasanjana ngati mamba a nsomba, chitsulo chitasungunuka n'kulowerera mbali zonse ziwiri. Apa panali zibuluma ngati zitosi za nkhuku, zongomata pamwamba. Malo ena anali atapalidwa ndi gilainda n'kumatidwa phala la mapanobita kuti pasaoneke. Pamene ma shock akumbuyo amamangirira panali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Malo oyang'anitsitsa ndi omwewo: pomangirira ma shock, pomwe fulemu imagwira paipi yaikulu ya torsion kumbuyo, pomangirira bimu ndi bokosi la chiwongolero, pomangirira mipando ndi malamba. Onaninso mtundu wa paipiyo. Fulemu zambiri zimapangidwa ndi paipi ya mamilimita 38, yochindikala mamilimita 2.4 mpaka 3. Mukapeza paipi ya madzi kapena yopangira mipando, musavutike n'kunenerera mtengo, ingobwererani.

Tinabwerera. Mumtima zinandiwawa, koma tinabwerera.

Imene ili kuseri kwa nyumbayi ndinaipeza patapita miyezi inayi. Ndi yosaoneka bwino, penti inakanganuka kalekale, koma miyezo yake inakumana ndipo paipi lililonse linalira ngwee. Fulemu yopanda penti ndimaikhulupirira kuposa yopakidwa dzulo, chifukwa zonse zili poyera.

Ndisanagule ngakhale bawuti imodzi ndinayamba ndafunsa za mapepala, ndipo ndikukupemphani muchite chimodzimodzi. Pa Beetle nambala ya chasisi imadindidwa pansi pa mpando wakumbuyo, koma fulemu zambiri za mapaipi zilibe nambala iliyonse. Galimoto siilembetsedwa ku Central Vehicle Registry popanda nambala ya chasisi ndi ya injini, ndipo apolisi oona zakuba magalimoto amafuna kudziwa komwe injiniyo yachokera. Pitani ku VID, ofesi ya boma yoyeza magalimoto, ndi zithunzi, mukafunse zomwe akufuna pa galimoto yomanga nokha. Sungani lisiti lililonse, ndipo wogulitsa akulembereni kalata. Ndi chinthu chowawa kumanga galimoto zaka ziwiri kenako n'kumangoizunguza pabwalo.

Tsopano mabuleki. Sand rail zambiri zilibiretu mabuleki kutsogolo, chifukwa mchenga umaimitsa wokha. M'malo mwake zili ndi zogwirira zomanga gudumu limodzi lakumbuyo kuti ikhote msanga. Paphula zimenezo ndi ngozi, ndipo ine ndinazichotsa tsiku loyamba. Ndikuika mabuleki magudumu onse anayi, master cylinder ya njira ziwiri kuti paipi limodzi likaphulika ena agwirebe, ndi handibuleki yeniyeni ya waya. Bimu yanga ndi ya ball joint, mtundu umene unayamba pa ma Beetle a 1966, ndiye kuika ma disc kutsogolo sikuvuta.

Kumbuyo nako kuli nkhani. Ma Beetle ambiri akale ali ndi swing axle, ekiselo yopindika malo amodzi okha pafupi ndi giyabokosi, ndipo galimoto ikakwezedwa, gudumu limapindikira m'kati ukakhota mwaliwiro. Mtundu wina wotchedwa IRS, womwe ekiselo yake imapindika mbali zonse ziwiri pa mfundo zotchedwa CV joint, umagwira msewu bwino kwambiri. Kumbukiraninso kuti kulemera konse kuli kumbuyo. Kutsogolo n'kopepuka moti anthu awiri amanyamula. Mvula ya Disembala ikagwa, ukhoza kupotokola chiwongolero galimoto n'kumangopita chamtsogolo. N'chifukwa chake batire ndi tayala lapadera ndikuziika kutsogolo, ndipo matayala akhala a pamsewu, osati osalala aja a mumchenga.

Zotsalazo mukuzidziwa: magetsi, maindiketa, hutala, magalasi oonera kumbuyo, galasi lakutsogolo ndi waipa yake, madigadi kuti miyala isamalase anzanu, sailensa, malamba omangidwa pa fulemu penipeni. Malamulo a mu Statutory Instrument 129 ya 2015 amafunanso zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, matirayango awiri ndi chozimitsira moto.

Injini ndaisiyira kumapeto dala. Ndi 1600 wamba, ndipo pa galimoto yopepuka chonchi ndi yokwana. Anthu amakonda kuchotsa malata ozungulira injini kuti ioneke bwino, osadziwa kuti malatawo ndi amene amalondolera mphepo ya fani kumasilinda. Ukaima pamzere wa magalimoto pa Seke Road dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, injini yopanda malata imapsa. Mapaipi onse a petulo ndisintha, chifukwa petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo labala wakale amauma n'kung'aluka pamwamba pa injini yotentha. Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi ana. Kwathu kuno galimoto yachilendo ikangoima, ana amaiunjirira. Tsiku lina ndinapeza kamwana ka aneba kalowetsa dzanja pakati pa pule ndi lamba wa fani, injini ili chozima pansi pa tenti. Ndinauma thupi. Amalume ayamba kale kupinda sefa yachitsulo yotchinga lambayo ndi ekizozi yomwe.

Pakadali pano fulemu ili pamajeke anayi, tayipala yonse mpaka chitsulo chayera, ndipo mfundo zisanu ndi imodzi amalume aziwotchereranso. Loweruka ndikupita ku Kaguvi Street kukasaka mapaipi a mabuleki, ndikakapanda kuwapeza ndidzera ku Gazaland. Ngati alipo amene akusunga mikono yakumbuyo ya IRS, ngakhale yadzimbiri bola yosakhota, andiuze ndibwere ndi amalume tidzaione.