Pull request si ngolo yokhuthulira pakhomo pa mnzako

Lachisanu, 4 koloko madzulo, ndikutseka laputopu kuti ndizipita, uthenga wagwa pa Slack, app yotumizirana mauthenga kuntchito: "Achimwene, tandionereniko ka PR kanga msanga, tikufuna kalowe lero." Ka PR, ka pull request. Nditatsegula pa GitHub, pamene timasungira code yathu, ndinapeza mafayilo 63, mizere yatsopano yoposa 4,000. Mutu wake ndi liwu limodzi, "updates". Pamalo pofotokoza zimene wachita, mbee, ngakhale kadontho.

Ndinapsa mtima ndipo mpaka pano sunaphwe.

Pull request ndi pempho, anthu inu. Ukupempha anzako kuti aone zimene wasintha pa branch yako, kope lako la code, asanaziphatikize ku main, code yaikulu ya tonse. Ku GitLab, mnzake wa GitHub, amati merge request, nkhani ndi yomweyo. Ndiye wopempha amabwera ndi ngolo yodzaza, n'kukhuthula pakhomo pa mnzake, n'kumati sankhani msanga ndikuchedwa? Ukafuna ndione ntchito yako, ndipatse zimene maso a munthu angakwanitse. Chinthu chimodzi pa PR imodzi, ndi mizere iwiri itatu yondiuza chifukwa chake. Basi.

Mukudziwa munali chiyani mmenemo? Bug, vuto la mu code, ya pa tsamba la login wakonzadi, mizere mwina khumi. Koma pomwepo wayendetsa Prettier, chida chokonza kaonekedwe ka code, pa foda yonse, ndiye fayilo iliyonse yangoti psuu kufiira, biriwiri kubiriwira, chifukwa choti ma quote awiriawiri asanduka amodziamodzi. Wakwezanso ma library, code ya ena imene timabwereka, ndipo fayilo ya mndandanda wake, package-lock.json, yatupa mpaka GitHub yaibisa, yangosiya "Load diff" kuti udine wekha ngati uli ndi mtima. Ma function atatu, zigawo za code, wawasintha mayina poti akalewo sankamusangalatsa. Ndipo pakati pa zinyalala zonsezo, cha ku fayilo ya nambala 40, wafufuta mzere umene umayamba waona ngati munthu ali ndi chilolezo asanasinthe akaunti ya wina. Mzere umodzi wokha. Ndinaupeza mwamwayi, maso atayamba kale kuchita chidima. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndikudziwa, deadline, abwana akukankha. Zimenezo sizichepetsa mafayilo 63.

Linus Torvalds analemba Git, chida chosunga mbiri ya zosintha mu code, mu 2005 kuti ithandize pa Linux kernel, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Linux, ntchito imene anthu masauzande amaikapo manja. Mpaka lero kumeneko patch, kapepala ka zosintha, amatumiza pa imelo, iliyonse yochita chinthu chimodzi, ili ndi kufotokoza kwake. Ntchito ikakula amaidula zidutswa n'kuziika manambala, 1/7, 2/7, mpaka kumapeto, kuti wowerenga azitsata phazi ndi phazi. Anthu a kernel akutha kudula. Ife a ka app kolembetsa makasitomala tikulephera chiyani?

PR yaikulu siwerengeka. Ndinene mwa njira ina: palibe amene amaiwerenga. Timangoyendetsa chala pa mouse mpaka pansi, n'kumadzinamiza kuti taona. Ndipo zikaphulika Loweruka usiku, ukafuna kubweza ndi revert, ubweza zonse, bug imene inakonzedwa ija n'kubwereranso. Ukafufuza ndi git blame kuti mzere uwu unalembedwa chifukwa chiyani, mafayilo onse akuloza munthu mmodzi, tsiku limodzi, uthenga umodzi: "updates". Mbiri yonse ya code yakwiririka ndi Prettier.

Ndinadina "Request changes", n'kulemba mwaulemu ndithu kuti aigawe panayi: bug payokha, ma library paokha, mayina paokha, Prettier payekha, ndipo mzere wa chilolezo uja ubwerere. Anandiyankha ndi ka emoji ka chala chachikulu. Kenaka anatseka PR ija, n'kutsegula ina yofanana ndendende, n'kuitumiza kwa mnzathu wina.

Ndiye inu mnzathu amene munailandira n'kulemba LGTM, "looks good to me", kuti zili bwino, tiyeni tikambirane. Mphindi zitatu. Ndinayang'ana nthawi, kuchokera pamene PR inatsegulidwa kufika pamene munadina Approve panadutsa mphindi zitatu. Mizere 4,000 mwaiwerenga pa mphindi zitatu? Ngakhale madzi a tiyi sawira. Dzina lanu lili pamenepo ndi chizindikiro chobiriwira, ndipo mzere wa chilolezo uja mulibe mu main pamene ndikulemba pano. Lolemba pa standup, kamsonkhano kathu ka tsiku ndi tsiku, musadzandiyang'ane ine.