Mwayi Wanji Umene Mukuusaka Pakati pa Usiku Munda Uli Tchire?

Pa 2 Januwale m'mamawa, ndisanasukusule n'komwe, anafika pakhomo panga mayi wina wa m'dera lathu lino la kwa Mponda ku Mangochi, maso ali psuu chifukwa chosagona. Nditawayalira mkeka ndi kuwalonjera, anangoti, "Bambo, feteleza uja wapita." Thumba la yureya la makilogalamu 50, limene analipeza atagulitsa mbuzi ndipo analisunga kuchipinda podikira kuti chimanga chifike m'mawondo, mwana wawo wamwamuna, munthu wandevu zake, analikweza pa kabaza madzulo a pa 31 Disembala n'kukaligulitsa kwa venda pamtengo wongotaya. Ndalama ina anagulira kabotolo ka mafuta amene akuti ndi a mwayi, ndipo yotsala yonse anaiponya pa juga ya pafoni yotchedwa kandege nthawi itangokwana 12 koloko usiku, ati chifukwa munthu akalowa chaka ali ndi ndalama m'manja sizimuchoka mpaka Disembala. Kandegeko kanauluka nazo zonse. Kabotolo kaja mayiwo anabwera nako kudzandionetsa, ndipo nditakatsegula ndi kununkhiza ndinapeza kuti ndi mafuta ophikira wamba othiramo zonunkhiritsa.

Ndakhala chete pa zambiri, koma izi zokha zandikwana. Kodi ana inu mwagwidwa ndi chiyani? Ndani anakuuzani kuti chaka chili ndi khomo limene limatseguka kwa mphindi imodzi yokha, ndipo amene wadzola mafuta ndiye amalowa? Chimanga cha mayi aja tsopano chayamba kuchita chikasu, nanga mwayi umene munausaka usiku uja udzabwera ndi nkhokwe yake?

Mnyamata ameneyu sali yekha, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba poyera. Usiku womwewo pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi panali anyamata akuwotcha matayala pakati pa msewu, ati akuwotcha minyama ya chaka chatha, ngati kuti minyama imakhala m'matayala. Phula limene mwaliwononga mudzadutsapo ndinu nomwe, ndipo mukadzagwera m'maenje ake mudzati boma silikukonza misewu. Ena anakwerana anayi pa njinga yamoto imodzi, wopanda chipewa ndi mmodzi yemwe, woyendetsa ali chiledzerere, onse akukuwa kuti alumpha chaka. Kulumpha kwake n'kumeneko, kolumphira m'chipatala? Kutacha pa 1 Januwale gombe linadzaza ngati msika, anthu oti sadziwa kusambira akudziponya m'madzi ndi mowa m'mutu kuti atsuke tsoka, ena akuunjikana m'maboti a asodzi popanda jekete lodzitetezera, pamene aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti nyengo ino mphepo ya mpoto imadzuka mosapereka moni. Kumtsinje wa Shire nako anthu amatsikirako usiku kukasamba mankhwala, ngati kuti ng'ona ndi mvuu nazo zimapita kutchuthi.

Tsono kwabwera zina za pa TikTok. Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa Fomu 3 amene ndimamuyesa wanzeru, anandivutitsa sabata yathunthu kuti ndimupatse ndalama yogulira mphesa 12 zoti adye atakhala pansi pa tebulo. Mwambo wodya mphesa 12 ndi wa ku Spain, kumene anthu amadya imodzi pa kulira kulikonse kwa belu la pakati pa usiku, ndipo ambiri amatsatira wotchi ya pabwalo la Puerta del Sol mumzinda wa Madrid. Kwawoko mphesa amalima okha, ndipo akatha kusangalala amabwerera ku ntchito. Ife kuno mango ali mbwee pansi pa mitengo mpaka kuwola, koma tikufuna chipatso chodutsa malire kuti chititsegulire chaka. Ndinamufunsa ngati mphesazo zidzamulembere mayeso a MSCE chaka chamawa, ndipo anandikwiyira masiku awiri.

A mapemphero a usiku wonse musandimve molakwa, pakuti inenso ndimagwada, ndipo kuyamika Mulungu kuti watisunga ndi chinthu choyenera, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi kumzikiti. Chimene chikundinyansa ndi malonda amene alowa m'menemo. Munthu akutenga ndalama ya fizi, sukulu zili pafupi kutsegulira teremu yachiwiri, n'kuiika mu envulopu ati akufesa mbewu, pamene mbewu yeniyeni imene anafesa ndi mvula yoyamba yamizidwa ndi udzu. Nanga za mapepala omatidwa m'mitengo ndi m'mapolo a magetsi, olonjeza chikwama chosatha ndalama ndi mankhwala owinira mpira, mumaziwerenga ndi maso ati? Ngati sing'angayo amadziwa zigoli za mawa, akuvutikiranji kumata mapepala padzuwa? Ngati amachulukitsa ndalama, n'chifukwa chiyani akupempha zanu?

Ndifike kwa abale anga a kunyanja, chifukwa inu ndiye mumandiwawitsa mtima koposa. Chaka chikamayamba mumatsirika maukonde, kumangirira zithumwa kumutu kwa bwato ndi kulipira anthu oti akuchotsereni minyama, ndipo mukabwerako chimanjamanja mumaloza nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yakutsekerani nsomba. Boma limatseka usodzi wa makoka kuyambira mwezi wa Novembala kuti chambo chiswane, koma ndani sadziwa amene amazemba usiku n'kukakokolola m'malo oswanirana? Ndani sanaone masikito, amene anaperekedwa kuti ana asadwale malungo, atasokedwa kukhala ukonde wokolera kasawala, tiana ta chambo? Ife amene tinaona nyanja ya Malombe ikutulutsa chambo chodzaza mabwato tinaonanso chambocho chikutha m'zaka za m'ma 1990, ndipo sichinathe ndi ufiti kapena tsoka ayi, chinatha ndi manja a anthu. Mukadya mwana wa nsomba lero, chithumwa chake n'chiti chimene chidzakuberekereni mayi wake mawa? Msodzi amene ndimamudziwa kuti zimamuyendera ndi uja amakhala pamchenga masana onse akusoka matchera ake diso ndi diso, amayang'ana mwezi ndi mphepo asanapalase, ndipo usipa ukagwidwa wambiri ndalama yake samakaithera pabala. Anzake amati ali ndi chizimba. Chizimba chake ndi singano ndi ulusi, ndinazionera ndekha.

Sindikukana kuti mwayi ulipo. Mvula imatha kugwa m'munda wa mnzako n'kulumpha wako, ndipo anyamata awiri amatha kukwera basi imodzi kupita ku Joni, wina n'kudzamanga nyumba ya malata, wina n'kubwera ndi kachikwama kokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inapweteka wakhama ndi waulesi yemwe. Koma mvula yabwino ikagwa m'munda wosapalira imangonenepetsa udzu, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu anati khasu liposa mako ndi tate. Masiku athu tsiku la chaka chatsopano tinkapha nkhuku, kuphika mpunga, ana kuvala malaya atsopano ngati alipo, ndipo m'mawa mwake tambala woyamba ankatipeza tikunola makasu, pakuti Januwale ndi mwezi wopalira ndi kubandira, komanso ndi mwezi umene njala imagogoda pakhomo. Palibe amene ankaganiza zogulitsa mbewu kuti agule mwayi.

Inu makolo anzanga, mlandu uwu simuuthawa. Mwana akamagona mpaka dzuwa kufika pamutu, foni ili m'manja usiku wonse, mumati bola ali pakhomo. Akawina kamodzi n'kukugulirani shuga mumamuyamikira kuti ali ndi dzanja lamwayi, osafunsa kuti waluza zingati asanawine. Ena mwa inu ndinu amene mumawaperekeza kwa asing'anga. Ndiye mudzadabwa chiyani tsiku limene adzanyamule feteleza, kenako njinga, kenako malata a padenga?

Mayi aja ndawabwereka ndowa imodzi ya feteleza wanga, ndipo sikwanira ngakhale theka la munda wawo. Mnyamatayo ndamuona dzulo pa shopu yotchajitsa mafoni akuuza anzake kuti chaka chino ndi chake, kabotolo kena katsopano kali m'thumba la malaya. Iwe mnyamata, ndi nonse ofanana naye, manyazi mulibe? Tayani timabotolo timeneto, mukatenge makasu, udzu sukudikirani.