Chilatini chakukhoti: musangofunsa tanthauzo, funsani chimene muchite mawa

Maganizo anga ndi akuti mawu a Chilatini alibe vuto maloya ndi majaji akamalankhulana okhaokha. Vuto limayamba mawuwo akafika pakhonde la khoti, kwa mwini mlandu. Munthu wanyamuka mbandakucha ku Jali, walipira kabaza ndi minibasi, wakhala pa benchi mpaka dzuwa lapendeka, kenako akumuuza kuti mlandu wake wayimitsidwa sine die. Akubwerera kwawo osadziwa ngati wawina, waluza kapena abwerenso liti. Mawu aliwonse oterewa amabisa chochita, ndipo ena amabisa ndi masiku omwe oyenera kuchitira chinthucho. Amene wakuuzani tanthauzo lokha koma osakuuzani chochita wakuthandizani theka.

Chilatinichi sichinabwere ndi Aroma kuno. Chinalowa pamodzi ndi malamulo a ku England, pamene lamulo la British Central Africa Order in Council la 1902 linakhazikitsa High Court n'kunena kuti malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti 1902 azigwiranso kuno. Nthawi imeneyo boma la atsamunda linali kuno ku Zomba. Mpaka lero ana athu ophunzira zamalamulo ku yunivesite ku Chirunga amaloweza mawu omwewo. Koma ngakhale makhoti enieniwo anayamba kuwachepetsa. Malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu ku High Court a 2017 anasiya mawu ngati ex parte ndi affidavit (umboni wolembedwa molumbira) n'kuyika Chingerezi chosavuta. Lilime la maloya lokha ndi limene silinasinthe.

Tibwerere kwa munthu wa ku Jali uja. Sine die ndiye kuti popanda tsiku. Mlandu sunathe, waimikidwa chabe, ndipo khoti silinatchule tsiku lobweranso. Timati mlandu suola, koma fayilo ya kukhoti imatha kugona mpaka kuiwalika. Ngati ndinu amene munasuma, udindo woudzutsa ndi wanu. Sungani nambala ya mlandu ndi chaka chake, pitani kwa kalaliki ku ofesi yosungira mafayilo, pemphani tsiku mwa kulemba kalata, ndipo kope lanu alidinde. Ku High Court, mlandu wa pakati pa anthu ukakhala miyezi 12 popanda chochitika, khoti likhoza kuufafaniza osakudziwitsani n'komwe. Anthu ambiri amataya milandu yabwino motere, ali phee kunyumba kudikira samani imene sidzabwera.

Mawu amene amayambanitsa abale kwambiri ndi ex parte. Mwayamba kumanga pa puloti ku Matawale kapena ku Chinamwali, maziko atha, njerwa zafika, kenako pepala lakhoti likubwera kuti muleke. Mukudabwa kuti khoti lagamula bwanji inu osaitanidwa. Silinagamule. Ex parte ndiye kuti pempho lamvedwa kuchokera kumbali imodzi, chifukwa wopemphayo wanena kuti kudikira kuwononga zinthu. Chiletso chotere n'chongoyembekezera, ndipo ntchito yake ndi kusunga status quo, kutanthauza kuti zinthu zikhale mmene zilili mpaka mbali zonse zimvedwe. Kumva mbali zonseko ndiye inter partes. Jaji asanapereke chiletso amayang'ana zinthu zitatu: ngati pali nkhani yeniyeni yoti izengedwe, ngati ndalama za chipepeso sizingakwanire kukonza zowonongekazo, ndiponso ngati kuletsako n'kwachilungamo. Wopempha ali yekha amayenera kuulula zonse, ngakhale zomuipira iye mwini, ndipo kawirikawiri amalonjeza kuti adzalipira zimene mwataya zikadzapezeka kuti anakuletsani molakwa.

Apa ndi pamene pali khomo lanu. Werengani pepalalo mpaka pansi, chifukwa nthawi zambiri limanena masiku amene chiletso chigwire ntchito kapena tsiku lokumana nonse. Mukhoza kupempha khoti lomwelo kuti lichichotse, makamaka ngati mnzanuyo anabisa kanthu, monga kuti afumu anaiweruza kale nkhaniyo kapena kuti wakhala akukuonani mukumanga kwa zaka ziwiri osanena kanthu. Chimene simuyenera kuchita ndi kuuza amisiri kuti apitirize usiku. Kumeneko ndi kunyoza khoti, ndipo munthu amalowa nako m'ndende ngakhale malowo atakhala akedi. Pa milandu ya malo mudzamvanso locus in quo, kutanthauza pamalo penipeni pamene pali nkhaniyo. Khoti likati lipita kumeneko, musatume mwana. Khalanipo nokha, ndi anthu odziwa malire, chifukwa mtengo wa mango kapena chulu chimene mudzaloze chidzalowa m'kaundula wa mlandu.

Prima facie amawamasulira molakwa ngakhale ena olemba nkhani. Boma likamaliza kubweretsa mboni zake, woweruza amaima kaye n'kuona ngati umboniwo, pongouyang'ana koyamba, ukukwanira kuti wozengedwa ayankhepo. Zimenezi zili mu gawo 254 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo loyendetsera milandu ya upandu. Akati pali mlandu woti muyankhe, sanati ndinu wolakwa. Abale amayamba kulira panja ngati chigamulo chaperekedwa, pomwe nthawi yanu yolankhula ikungoyamba kumene. Mukhoza kupereka umboni, kuitana mboni, kapena kukhala chete, ndipo boma likadali ndi udindo wotsimikizira mlanduwo mosasiya chikayiko chomveka. Ngati chitetezo chanu ndi alibi, kutanthauza kuti munali kwina, chineneni msanga, kupolisi komwe. Kunena kuti munali ku Songani pa tsikulo sikokwanira. Nenani munali ndi yani, nthawi yanji, ndipo pali chiyani chosonyeza, kaya ndi lisiti, buku la kuchipatala kapena kaundula wa kuntchito. Alibi yotulukira kumapeto imaoneka yopeka ngakhale ili yoona. Mboni yanu ikamakana kubwera, khoti likhoza kuitumizira subpoena, samani imene dzina lake lenilenilo likutanthauza kuti pansi pa chilango.

Nolle prosequi amasokonezanso mofananamo koma mbali inayo. Ndiye kuti mkulu woimira boma pa milandu wasankha kusapitiriza mlandu. Munthu amatuluka, kwawo nthungululu, koma si nthawi zonse pamene khoti limakhala litanena kuti ndi wosalakwa, ndipo nthawi zina boma likhoza kuuyambanso. Funsani bwinobwino ngati mwangomasulidwa kapena mwapezeka wosalakwa, ndipo tengani pepala lonena zimenezo. Gawo 99 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti mkuluyu akafotokoze zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10, choncho si mphamvu yongogwiritsa ntchito mwakachetechete.

Ngati pali mawu amodzi oti munthu wa ku Zomba awasunge pamtima, ndi habeas corpus. Mzinda uno uli ndi ndende yaikulu, Mikuyu ili pafupi, ndipo akuluakulu akukumbukira zaka za chipani chimodzi pamene anthu ankasungidwa kumeneko osaonekera kukhoti. Mawuwa ndi lamulo lopita kwa amene akusunga munthu: bwera naye pamaso pa jaji, ufotokoze chifukwa chomusungira. Gawo 42 la malamulo aakulu a 1994 limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo afike kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa nthawi yopuma. Pempho lotere limapita ku High Court, ndipo kuno kwathu nthambi yake ilipo. Wachibale akonze izi: dzina lonse la womangidwa, tsiku ndi ola limene anamangidwa, polisi kapena ndende imene ali, ndi mlandu umene akumuganizira. Ola limenelo n'lofunika, chifukwa maola 48 amawerengedwa kuchokera pamenepo. Palinso malire a nthawi yosunga munthu pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, ndipo boma likafuna kuwonjezera liyenera kukapempha kukhoti. Koma musayembekeze kuti habeas corpus ifafaniza mlandu. Imangoyesa ngati kumusungako kuli kovomerezeka. Munthu akhoza kutuluka pa belo mlandu n'kumapitirira.

Kumsika nakonso Chilatini chimatipeza. Nemo dat quod non habet: munthu sangapatse mnzake chimene iye alibe. Mwagula foni kapena njinga pamtengo wozizira pa depoti, kenako mwini wake watulukira ndi apolisi. Mukunena kuti munagula bona fide, ndi mtima woyera, osadziwa kuti n'chakuba. Pali nkhani ziwiri pamenepa ndipo anthu amaziphatikiza. Pa funso loti katunduyo ndi wa yani, mtima woyera kawirikawiri sukupulumutsani: wakuba analibe umwini, choncho sanakugulitseni umwini, katundu abwerera kwa mwini wake ndipo ndalama zanu mukazifune kwa wakubayo. Pa funso loti mumangidwe kapena ayi, mtima ndiye nkhani yonse. Mlandu umafuna actus reus, chochitika chenichenicho, ndi mens rea, maganizo olakwa. Pa kulandira katundu wakuba, boma liyenera kusonyeza kuti munkadziwa kapena munali ndi chifukwa chokhulupirira kuti n'ngwakuba. Mtengo wotsika mopanda nzeru, kugula usiku, foni yopanda bokosi ndi lisiti, wogulitsa wokana kutchula dzina, zonsezi zimakutsutsani. Lembani pangano ngakhale papepala la m'kope, ndi nambala ya chitupa cha wogulitsa ndi mboni ziwiri. Pa malo ndiye caveat emptor yeniyeni, wogula achenjere: funsani afumu, oyandikana nawo ndi abale a wogulitsa, ndipo ngati malowo ali ndi mapepala, kafufuzeni ku ofesi ya zamalo musanatulutse khobidi. Kunena kuti simunkadziwa lamulo sikuthandiza, ndiye ignorantia juris non excusat imeneyo.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mfundo zina zotchuka kwambiri tinali nazo kale pabwalo la kumudzi. Audi alteram partem ndiye kuti imvanso mbali inayo. Ndi nyakwawa iti yodzilemekeza imene imagamula wosumiridwa asanatsegule pakamwa? Nemo judex in causa sua, munthu asaweruze mlandu wake womwe. Locus standi, ufulu woima pa mlandu, sikusiyana kwenikweni ndi zija amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene nkhaniyo yamukhudza ndiye asume. Mfundo yomva mbali inayo ili ndi mano pantchito. Gawo 57 la lamulo la zantchito la Employment Act ya 2000 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Bwana akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka koma n'kuluza ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, chifukwa anadumpha sitepe imeneyi. Ndipo akakupatsani ndalama n'kulemba kuti ndi ex gratia, dziwani kuti akuti n'zachifundo chabe, sakuvomera kuti analakwa. Musasaine musanaone ngati pepalalo likukutsekerani njira yokadandaula.

Mawu ena tinawamva dziko lonse pa 3 Febuluwale 2020, khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kubweza zinthu mmene zinalili chisankhocho chisanachitike, chimene maloya amati status quo ante. Pa mlandu womwewo Malawi Law Society, bungwe la maloya, inalowa ngati amicus curiae, bwenzi la khoti, wosakhala mbali iliyonse koma wothandiza majaji kuona lamulo. Pro bono ndi loya wogwira ntchito ulere, ndipo amene alibe ndalama ayambire ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa loya, osati kwa madobadoba a panja pa khoti amene Chilatini chawo chimakhala chochuluka kuposa thandizo.

Pempho langa kwa maloya, apolisi oimira boma ndi omasulira n'laling'ono. Gawo 42 lomwe lija limapereka ufulu wozengedwa m'chilankhulo chimene munthu amamva, kapena kumasuliridwa boma n'kulipira. Womasulira akangobwereza sine die mkati mwa chiganizo cha Chichewa kapena Chiyao, sanamasulire. Ndipo inu eni mlandu, kufunsa si mwano. Imikani dzanja, nenani mwaulemu kuti simunamve, ndipo loya wanu mufunseni kuti mawa muchite chiyani komanso muli ndi masiku angati.

Funso la masikuli limaluma kwambiri pa functus officio. Woweruza akapereka chigamulo chomaliza, ntchito yake pa mlanduwo yatha, sangachisinthe kupatula kukonza tizolakwa ta kalembedwe. Abale amataya sabata ziwiri akuzungulira pa khoti la majisitireti, akupempha kuti akaonane ndi bwana awachitire chifundo, ena mpaka kutuma afumu. Njira ndi apilo ku High Court, ndipo pa mlandu wa upandu chidziwitso cholembedwa chakuti muchita apilo chimafunika pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwereni. Amene ali kale m'ndende akhoza kupereka mapepala ake a apilo kudzera kwa oyang'anira ndende. Masikuwo akadutsa, muyenera kuyamba mwapempha chilolezo chochita apilo mochedwa, ndipo jaji adzafuna chifukwa chomveka cha kuchedwako.