Inu a ma 4x4, mwatani kodi?

Loweruka lapitali mvula itangokata, Prado ina inatidutsa pakona ngati mphepo, padenga itasenza matumba ndi zigubu. Sitinapite patali, tinaipeza ili chagada m'ngalande, tayala limodzi likuzungulirabe m'mwamba. Mwana anali atatulukira pawindo chifukwa sanamumange lamba. Mwini wake, magazi ali chuchuchu pamphumi, n'kumati, "Komatu ndinali nditaika 4x4." Zoona bambo wamkulu ndi ndevu zake kuyankhula zimenezi?

Anakunamizani ndani kuti 4x4 imathandiza kuima? Imakutulutsani m'matope, imakukwezani chitunda, basi. Mabuleki amagwira matayala anayi omwewo monga pa galimoto ina iliyonse, pamene yanuyo ikulemera matani awiri n'kupitirira. Galimoto yaitali msinkhu sichedwa kugubuduzika. Inu n'kuisenzetsanso katundu pamwamba, matayala ali osilala, kenako n'kukhota mwadzidzidzi pa liwiro la 120. Mukuyembekezera chiyani?

Ena mukuswera pamsewu wa phula wouma muli mu 4H, giya yoti matayala onse anayi azikoka muli pa liwiro, chonsecho yanuyo ndi ija yochita kulowetsa 4x4 pakafunika. Simukumva chiwongolero chikulimba, matayala akukwekwesa pokhota? Mukupotokola zitsulo za kunsi, mawa transfer case, bokosi logawira mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo, ikasweka muzinena makaniko. Wina kulowetsa 4L, giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono, galimoto isanaime, magiya ali gwegwede. Wina kuiwala diff lock, yomwe imamanga matayala kuti azizungulira mofanana, ili yotseka, n'kumadabwa kuti galimoto ikukana kukhota. Wina pamtsetse kuika neutral ati kupulumutsa mafuta, mabuleki n'kutentha mpaka kununkha, m'malo motsika ndi giya yaing'ono. Buku la galimoto lili m'kabokosi kakutsogolo, likadali m'pulasitiki momwe linabwerera!

Koma chondiwawa kwambiri ndi madzi. Mtsinje wasefukira, mlatho sukuoneka, anzanu aima akudikira, inu mwatulukira uko muli, "Yangayi ndi Land Cruiser." Ndiye kuti madziwo amawerenga dzina? Madzi othamanga akuya masentimita 60 okha amanyamula galimoto ngati yanuyo. Mwadziwa bwanji kuti pansipo msewu ukadalipo? Injini ikangokoka madzi polowera mpweya imazima pomwepo, muli pakati pa mtsinje, zitseko zikukana kutseguka, ana a eni akulira kumbuyo. Ndipo mukaoloka mwamwayi mumangoponda moto, osayamba mwayesa mabuleki onyowawo.

Pakhomo ponse pomwe simusamala. Kubwerera m'mbuyo osatsika kukaona, pamene kumbuyo kwa chigalimoto chotere mwana wa zaka zitatu ataimirira simungamuone n'komwe. Ati kamera ilipo. Kamera yopakika matopeyo?

Amene mukuwanyamulawo ndi anthu, ali ndi abale owadikira. Ngati simukuidziwa galimoto yanuyo, ikani makiyi pansi. Tatopa nako kulira maliro a dala.